Kuchokera pa Kobiri Loboola Kufika pa Tambala

Ndalama yachitsulo sinalowe m'dziko muno chifukwa choti makolo athu ankasowa chogulira zinthu. Malonda analipo kalekale. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankayenga chitsulo m'ng'anjo n'kusula makasu, ndipo khasu linkatha kugula mbuzi kapena kulipira mlandu. Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ankatcheza mchere n'kumausinthanitsa ndi mapira. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja ya mchere, mapale a mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu. Anthu amenewo ankadziwa mtengo wa chinthu, ankadziwa kunenerera, ankadziwanso ngongole. Chimene analibe ndi kachitsulo kozungulira kokhala ndi nkhope ya mfumu yakutali. Kachitsulo kameneko kanazika mizu chifukwa cha msonkho.

Ine ndimatolera ndalama zakale zachitsulo, ndipo ndili m'kagulu ka anthu ochepa okonda zomwezo. Timakumana Loweruka lina pamwezi pakhonde la mnzathu ku Zomba. Tilibe ofesi kapena wapampando. Pali bambo wina wopuma pantchito amene tonse timangowatchula kuti Aphunzitsi, mayi wina amene anakalambira pa kauntala ya banki, kondakitala wa minibasi, ndi ana asukulu amene amabwera akapeza mpata. Timayala nsalu yoyera patebulo, aliyense n'kukhuthula zimene wabwera nazo, kenako timazindandalika motsatira zaka. Tikauwerenga mzere umenewo kuyambira kumanzere, timaona chinthu chimodzi chikubwerezabwereza: ndalama iliyonse imaulula amene anali ndi mphamvu pa thukuta la munthu wamba m'chaka chimene inasulidwa.

Kumanzere kwenikweni kumakhala rupiya ya ku India ya nkhope ya Mfumukazi Victoria. Inkayenda m'madoko a kum'mawa kwa Africa, ndipo inakwera Zambezi ndi Shire m'matumba a amalonda. Koma sinali ndalama ya kumudzi. Amishoni a ku Blantyre ndi kampani ya African Lakes, imene inayamba mu 1878 ndipo anthu anaipatsa dzina la Mandala, ankalipira antchito awo ndi nsalu. Wamtengatenga wosenza katundu kuchokera kwa Katunga, kukwera chitunda mpaka ku Blantyre n'kukatsikira ku Matope, ankalandira mikwamba ya nsalu yoyera. Nsalu ankaidziwa ntchito yake: ankatha kuvala, kupatsa mkazi wake, kapena kugulira nkhuku. Kachitsulo sakanavala.

Zinthu zinatembenuka dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Harry Johnston ankafuna ndalama zoyendetsera boma lake kuno ku Zomba, ndipo eni minda ya khofi ankafuna antchito. Msonkho unakwaniritsa zonse ziwiri. Pofika 1894, nyumba iliyonse m'madera amene boma linkalamulira inkayenera kupereka mashilingi atatu pachaka, ndipo m'chaka chomwecho Mandala inayamba ntchito za banki ku Blantyre. Standard Bank inatsegula nthambi yake mu 1901. Poyamba ena ankakhoma msonkho ndi zokolola, koma boma linkakankhira anthu ku ndalama ya Chingerezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkho unakwera kufika pa mashilingi asanu ndi limodzi, koma munthu wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira atatu okha. Cholinga chake sichinabisike. Wolephera kukhoma ankatenthedwa nyumba, kapena mkazi wake ankagwidwa mpaka mwamuna atabwera ndi ndalama. M'minda ya azungu munali thangata, ndipo mkwiyo wa zonsezi unali m'gulu la zimene zinadzutsa John Chilembwe ndi anthu ake mu January 1915.

N'chifukwa chake shilingi ya nthawi imeneyo sitiigwira mwachibwana. Aphunzitsi ali nayo ina ya Mfumu Edward VII imene inaperepeseka mpaka nkhope inangotsala chithunzithunzi. Ndevu sizioneka, zilembo za m'mphepete zinafufutika theka, ndipo chaka chimawerengeka pokhapokha ukaipendeketsa padzuwa. Wotolera ndalama wa ku London sangaiyang'ane kawiri, chifukwa kumeneko amafuna yosakhudzidwa. Koma Aphunzitsi akaiika pachikhatho cha mwana wasukulu amati, "Mwanawe, chitsulo sichitha chokha. Zala zimene zinaimaliza ndalamayi ndi za agogo a agogo ako, ndipo ambiri a iwo anangoigwira masiku ochepa asanakaipereke kuboma." Shilingi imeneyo ndi ya siliva weniweni. Angerezi anachepetsa siliva m'ndalama zawo kufika pa theka mu 1920, nkhondo yoyamba itawatapa chuma, ndipo kuyambira 1947 anamuchotseratu. Mayi wa kubanki uja amazisiyanitsa ndi khutu: amaigwetsa pang'ono pathabwa, ya siliva imalira motalika, inayo imangoti kha.

Kuyambira 1932 dziko la Southern Rhodesia linayamba kukhala ndi ndalama zakezake, ndipo m'kupita kwa nthawi zinafalikira ku Northern Rhodesia ndi kuno. Pa tiki, ndalama ya makobiri atatu, panali mikondo itatu, pa sikisipensi nkhwangwa ziwiri zopingasa, pa shilingi mbalame yamwala ya ku Great Zimbabwe, pa ya mashilingi awiri mphalapala. Kobiri ndi theka la kobiri zinali zoboola pakati. Bowo limenelo linali lothandiza kwa anthu amene zovala zawo zinalibe matumba, chifukwa ankangotunga makobiri pachingwe n'kumanga m'chiuno kapena kukoloweka pamsomali. Dzina la dziko lathu panalibepo, koma anthu athu ndiwo ankalima fodya m'mafamu a kumeneko ndi kukumba m'migodi yake. Ndalama ndi munthu zinkayenda msewu umodzi: munthu kupita kumwera, kobiri kubwera kumpoto kudzakhoma msonkho.

Ulendo umenewo umaonekera bwino m'zitini za m'midzi. Pafupifupi chitini chilichonse chakale chimene taonapo chili ndi alendo. Muli tiki ya ku South Africa ya duwa la protea, imene inabwera ndi bambo wina wa Wenela pochokera ku Joni. Muli masenti khumi a ku East Africa, oboola pakati ndi ozunguliridwa ndi minyanga ya njovu. Nthawi zina muli ndalama ya ku India ya m'mphepete mokhotakhota, yobwera ndi msilikali wa King's African Rifles amene anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Chipilala cha asilikali amenewa chili pompano ku Zomba, koma zimene anabwera nazo m'thumba zili m'zitini za zidzukulu zawo. M'maboma a m'malire, monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, timapezamo escudo ya Apwitikizi ndi metical ya ku Mozambique imene inailowa m'malo mu 1980. Zambiri zinabwera ndi abale athu othawa nkhondo, amene pa nthawi ina anakwana pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno.

Kenako pamzere pamabwera ndalama zimene akuluakulu amazikumbukira kwambiri, za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chitaganya chinayamba mu 1953, ndalama zake n'kutuluka mu 1955. Ndi zokongola, ndipo sindikana. Pa kobiri pali njovu ziwiri zoimirira ndi miyendo yakumbuyo, bowo lili pakati pawo, chisoti chachifumu pamwamba. Pa theka la kobiri pali nyamalikiti ziwiri. Pa shilingi pali mphalapala, ndipo pa ya mashilingi awiri pali nkhwazi itagwira nsomba. Apa m'pamene dzina la Nyasaland linayamba kulembedwa pa ndalama yogulira mchere tsiku ndi tsiku. Koma linalembedwa kumbuyo kwa dzina la Rhodesia, pa ndalama ya mgwirizano umene mafumu ndi a Nyasaland African Congress anaukana kuyambira pachiyambi. Munthu amene ankaimba zothetsa Chitaganya pamsonkhano anali nalo kobiri lomwelo m'thumba. Dr. Kamuzu Banda anabwera pa 6 July 1958, anamangidwa pa 3 March 1959 n'kutsekeredwa ku Gwelo, ndipo tsiku lomwelo asilikali anawombera anthu padoko la Nkhata Bay. Ndikagwira kobiri la zaka zimenezo ndimaona luso la wosema ndi chilonda cha dziko pamalo amodzi. Chitaganya chinatha pa 31 December 1963.

Ndalama zoyamba za Malawi zili ndi chaka cha 1964, chaka cha ufulu. Zinasulidwa ku Royal Mint ku London, ndipo anazijambula ndi Paul Vincze, mmisiri wobadwira ku Hungary. Mbali imodzi kuli nkhope ya Kamuzu ndi dzina lakuti Malawi. Mbali inayo, sikisipensi ili ndi tambala, shilingi ili ndi zitsononkho za chimanga chosakonola zomangidwa pamodzi, ya mashilingi awiri ili ndi njovu ndi mwana wake, ndipo ya mashilingi awiri ndi theka ili ndi chizindikiro cha dziko. Chimanga chija chimandikhudza kuposa zonse. Kwa nthawi yoyamba, chimene mayi wa kumudzi anaweramira kumunda chaka chonse chinapatsidwa ulemu pa ndalama ya boma. Tambala uja anali chizindikiro cha chipani cholamula, ndipo nkhope ya Kamuzu inakhala pa ndalama zaka 30. Izinso chitsulo chimanena mosabisa. Banki yaikulu ya Reserve inayamba ntchito ku Blantyre mu June 1965, ndalama yaikulu ya mashilingi asanu inatuluka pokumbukira 6 July 1966 pamene dziko linakhala lipabuliki, ndipo kobiri la Malawi linabwera mu 1967.

Pa 15 February 1971, tsiku lomwenso Britain inasiya kuwerengera mashilingi, kunabwera kwacha ndi tambala. Paundi imodzi inasanduka K2, mashilingi khumi K1, shilingi 10 tambala, sikisipensi 5 tambala. Boma linachita mwanzeru posunga zithunzi zina: chimanga chinakhalabe pa 10 tambala ndipo njovu zinakhalabe pa 20 tambala, kotero wosadziwa kuwerenga sanasokonezeke. Tambala anasamukira pa 1 tambala, pa 2 tambala panabwera kambalame ka mchira wautali, pa 5 tambala mbalame ya m'madambo ya khosi lalitali. Chovuta chinali kobiri. Shilingi inali ndi makobiri 12, koma tsopano inali matambala 10, ndipo tiki inagwera pakati pa 2 ndi 3 tambala. Mayi wa kubanki uja anali mtsikana wogulitsa zitumbuwa nthawi imeneyo, ndipo amasimba mmene amayi a pamsika ankakanganirana ndi ogula pa kachidutswa kameneko. Pakamwa pa anthu kusintha kunachedwa kuposa m'thumba: kwa zaka zambiri akuluakulu ankatchulabe 10 tambala kuti shilingi, K2 kuti paundi.

Zimene zinachitikira tambala pambuyo pake zimaoneka ndi maginito. Kondakitala wathu anachotsa maginito m'sipika ya wailesi yakufa, ndipo ndi chida chimene ana asukulu amachikonda kwambiri. Ukaiyandikiza pa 1 tambala ya 1971, siigwedezeka, chifukwa ndi ya mkuwa. Ukaiyandikiza pa ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, imadumpha n'kumatirira, chifukwa mkati mwake ndi chitsulo wamba chongokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Maso sangasiyanitse ziwirizi. Boma silisintha chitsulo popanda chifukwa: mtengo wosulira kandalama ukayandikira mtengo wa zimene kangagule, pamafunika chitsulo chotchipa. Zaka zimenezo n'zomwe nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu n'kumazungulira njira zazitali, mitengo ya zinthu n'kumakwera. Mwana amene waona ndalama ikudumphira maginito amamvetsa phunziro limeneli msanga kuposa wongoliwerenga pabolodi.

Anthu atasankha zipani zambiri pa 14 June 1993, ndi kusankha boma latsopano pa 17 May 1994, nkhope inasinthanso. Ndalama za 1995 ndi 1996 zili ndi nkhope ya mtsogoleri watsopano, Bakili Muluzi, koma zinatulukanso zina zokhala ndi chizindikiro cha dziko m'malo mwa nkhope ya munthu. Tambala anachoka pa 1 tambala, m'malo mwake munalowa nsomba ziwiri. Pa 50 tambala panabwera mbidzi, pa K1 nkhwazi. Muluzi atachoka pampando, ndalama zachitsulo zatsopano sizinanyamulenso nkhope ya mtsogoleri wolamula, ndipo ine ndimachiona ngati chimodzi mwa zinthu zabwino zimene dziko linaphunzira. Za K5 ndi K10 zolembedwa 2006 zinali zazikulu, zolemera, za zitsulo ziwiri, china pakati china kuzungulira. Mu 2012 zinalowedwa m'malo ndi zing'onozing'ono zopepuka: nkhwazi pa K1, mbalame ya m'madambo ija pa K5, njovu pa K10. Kwacha inagwa kwambiri chaka chomwecho, inatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Lero wogulitsa tomato ukamupatsa K10 yachitsulo amakubwezera, ndipo m'magolosale ambiri chenji chaching'ono chimasanduka switi. Njovu imene mu 1964 inkaimira mashilingi awiri, ndalama imene bambo ankaisunga pansi pa mphasa, lero siigula bokosi la machesi.

Apa m'pamene kagulu kathu kanapeza ntchito yake yeniyeni. Kusinthanitsa ndalama pakhonde n'kosangalatsa, koma chachikulu timachita tikapita kwathu kumidzi. Aliyense amanyamula kope. Tikamva kuti pakhomo pena pali chitini chakale, timapempha kuchiona, ndipo sitiyamba ndi kufunsa mtengo. Ku Thondwe ndinakhala pamphasa ndi gogo wina amene anatulutsa kachitini ka mankhwala opaka nsapato. Munali makobiri oboola a Chitaganya, mabatani, ndi tiki imodzi ya ku South Africa yokulungidwa payokha m'kansanza.

"Agogo, nanga iyi mwaipatula chifukwa chiyani?" ndinafunsa.

"Imeneyo si ndalama, mdzukulu wanga," anayankha. "Ndi chikole. Malemu agogo ako aamuna anandipatsa atabwera ku Joni ulendo woyamba, pamodzi ndi duku. Duku inatha. Iyi ndinakana kugulira mchere ngakhale chaka cha njala."

Tiki imeneyo sindinaipemphe. Ndinaijambula ndi foni mbali zonse ziwiri, ndinalemba chaka chake, mudzi, ndi mawu a agogowo, kenako anaikulunganso. Lamulo lathu ndi limeneli: ndalama yokhala ndi mwini wake woikonda imatsala pakhomo, ife timatenga nkhani yake. Imene tapatsidwa kapena tagula imalowa m'kaenvulopu kapepala kolembedwa kumene yachokera, amene anali nayo, ndi zimene ankagulira. M'makope athu muli mitengo imene anthu amaikumbukira ya sopo, palafini ndi fizi ya sukulu, muli nkhani za kusupa pa ukwati ndi pa chinamwali, muli za makobiri oponyedwa m'bwalo gule akamavina. Zimenezi m'mabuku a otolera ndalama a kunja mulibe, ndipo palibe wina adzatilembere.

Kasungidwe kake timaphunzitsana. Mlendo aliyense amafika atakwecha kale ndalama zake ndi phulusa, mchenga kapena mandimu kuti ziwale, osadziwa kuti wachotsa khungu limene linatenga zaka makumi kuti lipangike, n'kusiya mikwingwirima yosafufutika. Ndalama yakale siikwechedwa. Ikakhala ndi dothi timangoiviika m'madzi oyera n'kuiumitsa bwino ndi kansalu kofewa. Timaigwira m'mphepete, chifukwa thukuta la chala limadya mkuwa. Chinyezi cha kuno ku Zomba chimabweretsa ndere zobiriwira, choncho yodwala timaipatula kuti isakhale pamodzi ndi zinzake. Powerenga chaka chofufutika timagwiritsa ntchito galasi lokulitsa zinthu, ndipo Aphunzitsi salola kuti munthu alembe chaka chongoganizira. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Timalimbananso ndi mphekesera. Kawirikawiri kumabwera munthu ali wefuwefu, atamva kuti kobiri loboola likugulidwa mamiliyoni ndi anthu ena osadziwika. Ena agulitsa mbuzi kuti agule makobiri otere kwa atambwali. Zoona zake n'zakuti makobiri a Chitaganya anasulidwa mamiliyoni ambiri, ndipo ambiri mwa iwo mtengo wake kwa otolera ndi wochepa. Ndalama zodula zilipo, monga za siliva ndi golide zimene dziko lino linatulutsa mu 1978 zokhala ndi nyama zakutchire, koma zimenezo zinapangidwira ogula akunja, zinatsekeredwa m'mabokosi, ndipo sizinapiteko kumsika wa Songani. Kwa ine kobiri loperepeseka lodziwika mudzi wake limaposa yonyezimira yosadziwa dzanja la munthu.

Chimene chikutithamangitsa ndi nthawi. Mwana amene anatumidwa kukagula machesi ndi tambala yatsopano mu 1971 ali ndi zaka zoposa 60 tsopano. Amene anakhomapo msonkho ndi ndalama za Chitaganya atsala owerengeka. Malonda akusamukira pafoni, ndipo pali ana akukula osagwirapo ndalama yachitsulo yogula kanthu. Nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala zili ndi gawo lake, koma sizingafike pakhomo lililonse. Sukulu iliyonse ili ndi mphunzitsi wa mbiri, ndipo mudzi uliwonse uli ndi chitini. Kagulu ngati kathu sikafuna ndalama zoyambira: kope, maenvulopu, nsalu yoyera ndi anthu atatu n'zokwanira. Kondakitala wathu anayamba kale kusunga ma K1, K5 ndi K10 a 2012 amene okwera amawakana, ndipo pa envulopu iliyonse amalemba mtengo wa minibasi kuchokera ku Zomba kupita ku Limbe mwezi umenewo. Amene ali ndi agogo amoyo apite chaka chino akapemphe kuona chitini, akafunse za ndalama iliyonse payokha, ndipo akalembe mayankho m'mawu a agogowo.